Pakamwa pa Kondakitala

Pakamwa panga panakulira pa depoti,
pomwe mawu amatuluka ngati utsi wa minibasi yotopa,
akuda, onunkha, osapepesa.
Tsiku lonse ndimakuwa: Namwera! Chiponde! Watsala mmodzi!
Dalaivala akandilalatira ndimamubwezera
mawu oti mayi anga akanawamva
akanandisukusula mkamwa ndi phulusa.

Madzulo ndimawoloka mlatho kubwerera kwa Mponda,
nsapato zodzaza fumbi, kummero kouma.
Lukia amakhala wanyamuka kale,
usiku wonse akukolopa mawodi ku chipatala,
ndiye Fazila ndi wanga mpaka kuche.
Zaka ziwiri ndi miyezi inayi.
Timiyendo take tatifupi koma timafika paliponse.

Lachitatu lija anatenga foni yanga
naiviika m'ndowa ya madzi akumwa.
Akuti yada, isambe.
Foni ya ngongole, ndisanamalize n'kulipira komwe.
Mawu aja anatuluka okha, osagogoda,
monga amachitira pa depoti.
Iye sanalire.
Anapendeketsa mutu, kundiyang'ana,
nawatola mawuwo ngati kandalama kogwa pansi,
nawasunga.

M'mawa mwake Che Bwanali akuchokera ku mzikiti,
mkanjo woyera, ndodo m'manja,
anawerama pakhonde: Wadzuka bwanji, mwanangu?
Fazila anamwetulira ndi timano take tonse
nawapatsa mawu anga aja,
athunthu, osaphonya, ndi kamvekedwe kanga komwe.
Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.
Mkuluyo sananene kanthu.
Sanayang'ane mwanayo. Anayang'ana ine.

Kuyambira tsiku limenelo ndili pa ganyu wopanda malipiro,
kulondera pakamwa panga.
Akathira shuga yense m'nsapato yanga,
akavula diresi kachisanu ine nditachedwa,
akagubuduka pansi kulira
chifukwa nthochi ndamusendera
pomwe amafuna kusenda yekha,
ndimawamva mawu aja akukwera kukhosi,
akukankhana ngati anthu a Lolemba m'mawa.
Ndimawatsekera chitseko.
Ndimaluma lilime mpaka kumva mchere.
Kenako ndimaitanira chapansipansi:
Chowe. Namwera. Chiponde.
Ndimakwera phiri lonse ndi giya yoyamba,
ndikamafika kumalire mtima watsika,
manja amasuka,
ndipo amene waima patsogolo panga
ndi kamwana chabe, mamina pamlomo,
khoko la nthochi m'dzanja.

Sikuti zimatheka masiku onse.
Tsiku lina theka la liwu linandipulumuka,
theka linalo ndinalikwirira ndi chifuwa chabodza.
Tsiku lina ndinamuika pamphasa, ndinatuluka,
ndinaima pansi pa mtengo wa mango
m'kutentha kuja kwa Okutobala kosatha ngakhale usiku,
iye akulira mkati, ine ndikupuma panja
ngati munthu wothamangitsidwa ndi agalu.
Nditabwerera ndinagwada: Pepa, Fazila, ababa anakuwa.
Sindikudziwa ngati anamva.
Anandiika chala m'mphuno.

Anzanga pa depoti ayamba kundiseka.
Akuti Daudi walowa usheikh,
munthu akamuponda phazi amangotchula masiteji.
Asekeni. Iwo sanawone maso a Che Bwanali.

Dzulo Lukia ali pa ofu, tili pakhonde,
Fazila anathamangira nkhuku ya eni ake,
anapunthwa pamwala, bondo linasupuka.
Anadzuka, nkhope itakwinyika,
mlomo wam'munsi ukunjenjemera.
Ndinagwira mpweya.
Ndinkadziwa zomwe ndinamusungitsa Lachitatu lija.
Anaulozera mwalawo kachala,
nakoka mpweya wonse wa m'kachifuwa kake:

Chiponde!

Lukia anasiya kusankha mpunga.
Mwanayu akufuna kupita kuti?
Sindinayankhe.
Ndinamunyamula, ndinamupemerera pabondo,
fumbi lake likundidetsa malaya a mawa.